MHC I ndi MHC II: chimene chimasankha njira ya antigen n'chiyani?

Wophunzira_Luwinga

Moni akuluakulu nonse muno. Ndikukonzekera mayeso a immunology ndipo nkhani ya MHC, mapuloteni a pakhungu la selo amene amaonetsa tizidutswa ta puloteni (antigen) kwa maselo a T, yandizunguza mutu. Zoloweza ndaloweza: MHC I imaonetsa antigen kwa maselo a T a CD8, MHC II kwa maselo a T a CD4. M'manotsi amene timagawana muli mzere wakuti class I ndi ya mavairasi, class II ndi ya mabakiteriya, ndipo apa ndi pamene ndakakamira.

Kachilombo ka TB kamakhala m'kati mwa macrophage, selo lomeza tizilombo. Nanga bwanji amene amalimbana nako kwambiri ndi CD4, mpaka munthu CD4 ikangotsika TB imamupeza msanga? Chachiwiri, amati selo la CD8 limene silinakumanepo ndi mdani limadzutsidwa ndi dendritic cell. Tsono ngati vairasi ikulowa m'maselo a chiwindi okhaokha, dendritic cell osaikhudza, tizidutswa take tifika bwanji pa MHC I ya dendritic cell imeneyo? Chimene ndikufunitsitsa kumva ndi ichi: MHC imadziwa bwanji kuti kachidutswa aka n'ka mdani, aka n'ka thupi lathu?

Chonde ndiyalireni mwatsatanetsatane, kuyambira pamene puloteni yadulidwa mpaka pamene selo la T lagwira.

Mphunzitsi_Katoto

Achemwali, ndiyambe ndi funso lomalizalo popeza yankho lake n'lalifupi: MHC sidziwa. Imanyamula kachidutswa kalikonse kamene kakwana m'ngalande yake, ndipo pa selo lathanzi pafupifupi zonse zimene yanyamula n'za thupi lomwelo. Ili ngati mayi wa pa Zigwagwa amene wayala pabenchi zonse zimene zinali m'thumba, wosankha ndi wogula. Amene amasiyanitsa ndi selo la T, ndipo ntchitoyi limaikonzekera ku thymus. Kumeneko selo limene TCR yake, chogwirira chimene limazindikirira antigen, singagwire MHC ya mwini thupi limafa. Limene lagwira mwamphamvu kwambiri MHC yonyamula kachidutswa ka thupi nalonso limaphedwa, kapena limasanduka Treg, selo loletsa anzake kuukira thupi. Oposa 95 mwa 100 alionse amathera komweko. Otsalawo ndi amene amadutsa pa tizidutswa ta thupi osachita kanthu, n'kuima akapeza kachilendo.

Mzere wa m'manotsi uja ufufuteni. Njira imasankhidwa ndi malo amene puloteni ili m'selo. Ikakhala mu cytosol, madzi a m'kati mwa selo, ipita ku class I. Ikakhala m'timatumba ta selo, monga endosome, phagosome ndi lysosome, ipita ku class II. Mtundu wa kachilombo ulibe nazo kanthu.

Class I ili ndi tcheni chachikulu chimodzi cha zigawo zitatu, α1, α2 ndi α3, chophatikana ndi kapuloteni kakang'ono kotchedwa β2-microglobulin. Majini a tcheni chachikulu, HLA-A, HLA-B ndi HLA-C (HLA ndi dzina la MHC ya anthu), ali pa chromosome 6, pamene la β2-microglobulin lili pa chromosome 15. Ngalande imapangidwa ndi α1 ndi α2, ndipo ndi yotseka mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mumalowa kachidutswa ka ma amino acid 8 mpaka 10, kawirikawiri 9. Pansi pa ngalandeyo pali timaenje timene timagwira ma amino acid awiri kapena atatu okha, makamaka wachiwiri ndi womaliza. HLA-A*02:01 imakonda leucine kapena methionine pa malo achiwiri, valine kapena leucine kumapeto. HLA-B*27 imafuna arginine pa malo achiwiri. Ma amino acid apakati amakhala atatukuka m'mwamba, ndiwo amene TCR imakhudza. Choncho MHC imodzi imatha kunyamula tizidutswa masauzande tosiyanasiyana bola tikhale ndi zogwirira zoyenera. CD8 siikhudza kachidutswa, imagwira α3 cham'mbali.

Ulendo wake uli chonchi. Puloteni ya mu cytosol imene yakalamba kapena yapindika molakwika imamatidwa ubiquitin n'kulowa mu proteasome, imene imaigaya. Selo likamva interferon-γ limasintha zodulira za proteasome, n'kuikamo LMP2, LMP7 ndi MECL-1, ndipo zimenezi zimadula mosiya kumapeto amino acid wa mtundu umene class I imakonda. Tizidutswa tambiri timaphwanyidwa pompo mu cytosol. Totsala timagwidwa ndi TAP, pampu ya zigawo ziwiri, TAP1 ndi TAP2, yokhala pakhoma la ER (endoplasmic reticulum, chipinda chimene MHC imapangidwira), imene imagwiritsa ntchito ATP kutilowetsa m'kati. Imakonda ta ma amino acid 8 mpaka 16. M'katimo tcheni chachikulu chimakhala chitagwiriziridwa ndi calnexin mpaka β2-microglobulin itabwera, kenako chimalowa m'gulu la calreticulin, ERp57 ndi tapasin. Tapasin ndiyo imachimangirira pakamwa pa TAP, ndipo imagwedeza tizidutswa togwira mofooka mpaka patakhala kogwira molimba. Kachidutswa kakatalika, ERAP1 imakadulira kumutu kwake. Gwiritsitsani ichi: mapeto a C amapangidwa ndi proteasome, mutu wa N umakonzedwa ndi ERAP1. Class I yopanda kachidutswa ndi yosakhazikika ndipo siiloledwa kuchoka mu ER. Yodzaza yokha ndiyo imadutsa ku Golgi n'kukafika pakhungu la selo.

Class II ili ndi matcheni awiri pafupifupi ofanana kukula, α ndi β, a HLA-DR, HLA-DQ ndi HLA-DP. Ngalande yake imapangidwa ndi α1 ndi β1 ndipo ndi yotseguka uku ndi uku, kotero kachidutswa ka ma amino acid 13 mpaka 25 kamatha kugona m'menemo nsonga zikulendewera kunja, ngakhale kuti amene agwiradi ndi 9 apakati. Imapezeka makamaka pa dendritic cell, macrophage, maselo a B ndi maselo a m'thymus, koma interferon-γ imatha kuiyatsa pa maselo ena kudzera mu CIITA, puloteni yoyatsa majini a class II.

Tsono taonani vuto limene selo lili nalo. Class II nayonso imapangidwira mu ER momwemo, mmene TAP ikukhuthulira tizidutswa ta mu cytosol. Pakanapanda chotchinga, bwenzi itadzaza ndi katundu wa class I isanatuluke. Chotchingacho ndi invariant chain, yotchedwanso CD74. Imagona m'ngalande n'kuitseka, ndipo mchira wake uli ndi chizindikiro chimene chimalondolera class II ku endosome m'malo mopita molunjika pakhungu. M'timatumba timeneti pH imatsika mpaka cha m'ma 5, ma cathepsin n'kudzuka. Amagaya mapuloteni amene selo lameza, ndipo amadyanso invariant chain pang'onopang'ono, cathepsin S ndiyo imamaliza, mpaka m'ngalande mutatsala kachidutswa kotchedwa CLIP. Apa pamabwera HLA-DM. Iyoyo siipita pakhungu kukaonetsa kanthu. Ntchito yake ndi kuchotsa CLIP, n'kupitiriza kuchotsa kachidutswa kalikonse kogwira mofooka mpaka patakhala kolimba. Pa maselo a B pali HLA-DO imene imachepetsa mphamvu ya DM. Zikatero class II imakwera pakhungu, CD4 n'kugwira m'munsi mwake cha pa β2.

Umboni wakuti asidi ndi wofunika tili nawo pa mankhwala amene tonse timawadziwa. Chloroquine, amene Malawi inasiya kugwiritsa ntchito pa malungo mu 1993, amaunjikana mu lysosome n'kukweza pH. Mukawathira pa maselo mu labu, class II imalephera kuonetsa puloteni yomezedwa, koma njira ya class I imapitirira.

Za TB tsopano zadziyankha. Kachilomboko kali m'kati mwa macrophage, inde, koma kali mu phagosome, ndiye mapuloteni ake ndi a class II. Kamaletsa phagosome kulumikizana ndi lysosome kuti kasagayidwe, ndipo macrophage payokha imalephera kukagonjetsa. Selo la CD4 la mtundu wa Th1 likaona kachidutswa ka TB pa class II ya macrophage imeneyo limaipatsa interferon-γ ndi CD40L, macrophage n'kupeza mphamvu zopha. CD4 ikachepa, wopereka lamulo limeneli amasowa, ndipo granuloma, mpanda wa maselo wotsekera kachilomboka, siigwirana. CD8 nayo ili ndi gawo, chifukwa kachilomboka kamabowola phagosome ndi ESAT-6 ndipo mapuloteni ena amadonthera mu cytosol.

WaMuLabu_Chibavi

Aphunzitsi ayala bwino. Ine nditenge funso lachiwiri lija, limene ndi lofunika kuposa mmene mabuku ambiri amalionetsera.

Zimene mwafunsazo dzina lake ndi cross-presentation, ndipo Michael Bevan anaziona mu 1976. Dendritic cell imameza selo lakufa limene linali ndi vairasi. Mwa lamulo la aphunzitsi lija, zomezedwa n'za class II, ndipo zambiri zimapitadi kumeneko. Koma ma dendritic cell ena, makamaka a mtundu wa cDC1 amene mwa anthu amadziwika ndi CD141 ndi CLEC9A, sagaya msanga zimene ameza. Phagosome yawo siichita asidi wambiri. Gawo la puloteniyo limatulutsidwa kulowa mu cytosol, n'kudutsa mu proteasome ndi TAP ngati kuti selolo ndilo lagwidwa ndi vairasi. Pali njira inanso imene kachidutswa kamadulidwa m'kathumba momwemo n'kukwera pa class I imene yabwerera kuchokera pakhungu. Lamulo la malo silinasweke apa, selo langosamutsa puloteni kuchoka chipinda china kupita china. Zosiyana nazo zimachitikanso: autophagy imatenga za mu cytosol kupita nazo ku lysosome, n'kukathera pa class II.

Chifukwa chimene dendritic cell ili yofunika poyamba n'chakuti TCR kugwira MHC sikokwanira kudzutsa selo la T latsopano. Kugwirako n'kofooka, CD4 kapena CD8 imathandizira n'kubweretsa Lck pafupi ndi CD3, koma pamafunikanso chizindikiro chachiwiri: CD28 ya selo la T igwire CD80 kapena CD86. Dendritic cell imatulutsa zimenezi ikamva fungo la mdani kudzera mu ma TLR, ma receptor ozindikira tizilombo. Pamenepo imasiya kumeza, imasunga class II pakhungu nthawi yaitali, n'kuyenda kupita ku mwanabere. Chizindikiro chachitatu ndi ma cytokine, monga IL-12 amene amapanga Th1. Selo la T likaona antigen popanda CD28 limafooka osadzagwiranso ntchito, ndipo ichi n'chitetezo china choletsa thupi kudzidya lokha. Selo la chiwindi lilibe CD80, choncho ntchito yake si kudzutsa gulu lankhondo. Koma CD8 ikadzutsidwa kale ku mwanabere n'kuchulukana, zimene zimatenga pafupifupi sabata, siifunanso chizindikiro chachiwiri. Ikapeza ma MHC osakwana 10 onyamula kachidutswa kake pakati pa masauzande ambirimbiri, imathira perforin ndi granzyme.

Kakuwonjezera kamodzi. Mabuku amati class I ili pa maselo onse okhala ndi nucleus, ndipo n'zoona, koma ma platelet alibe nucleus ndipo ali nayo yambiri. N'chifukwa chake wodwala amene waikidwa ma platelet kambirimbiri amatha kupanga ma antibody a HLA, n'kufika poti mukamuika chiwerengero sichikwera.

Mukafuna kuona zonsezi ndi maso, onani mayeso a TB. Pa Mantoux timabaya 0.1 ml ya PPD, mapuloteni a kachilombo ka TB, m'kati mwa khungu la mkono, osati pansi pake, mpaka patatukuka kachotupa koyera ka mamilimita 6 mpaka 10. Timawerenga pakatha maola 48 mpaka 72 chifukwa pamafunika nthawi kuti PPD imezedwe, ionetsedwe pa class II, maselo a CD4 okumbukira afike n'kuitana ma macrophage. Choyeza ndi kulimba kumene chala chikumva, mopingasa mkono, osati kufiira. Mamilimita 10 ndiwo malire, koma kwa munthu wa HIV kapena mwana wonyentchera kwambiri ndi 5, popeza oyankhawo ndi ochepa. Mukabaya mozama PPD imamwazika ndipo zotsatira zimanama.

QuantiFERON-TB Gold Plus, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku, imachita zomwezo m'chubu. Machubu ndi anayi, lililonse 1 ml ya magazi: Nil (lopanda antigen), TB1, TB2 ndi Mitogen (loyesa ngati maselo angathe kuyankha). Mu TB1 muli tizidutswa tatitali ta ESAT-6 ndi CFP-10 ta CD4, mu TB2 awonjezeramo tatifupi tokwana mu class I kuti CD8 iyankhenso. Mapuloteni awiriwa mulibe mu BCG, ndiye katemera wa pobadwa sasokoneza ngati mmene amachitira pa Mantoux. Machubu amagwedezedwa ka 10 kuti antigen ya m'makoma isungunuke, alowe mu incubator ya 37°C pasanathe maola 16, akhalemo maola 16 mpaka 24. Magaziwo sayenera kuikidwa mufiriji m'machubu amenewa asanalowe mu incubator, chifukwa mukufuna maselo amoyo amene angaonetse antigen ndi ena amene angayankhe. Choyeza ndi interferon-γ, ndipo malire ndi 0.35 IU/ml pamwamba pa Nil. TB1 ndi TB2 zikapanda kuyankha, Mitogen nayo osafika 0.5, zotsatira n'zosadziwika, ndipo musalembe kuti munthu alibe TB. Kawirikawiri zimatero chifukwa magazi anachedwa panjira, sanasakanizidwe bwino, kapena ma lymphocyte ndi ochepa kwambiri.

Wophunzira_Luwinga

Yewo chomene aphunzitsi, nanunso achimwene a ku Chibavi. Za malo zija zanditsegula maso. Koma zandibweretsera funso lina. Ngati CD8 siingaone kanthu popanda class I, bwanji mavairasi onse sangochotsa class I yonse pa selo n'kukhala mwamtendere? Ndinamva kuti HIV imachita zotere, koma CD8 imaipezabe.

Kiliniko_Mchengautuwa

Mng'ono wanga, ambiri amayesadi, aliyense pa sitepe yake ya njira imene aphunzitsi afotokoza. Herpes simplex ili ndi ICP47 imene imatseka pakamwa pa TAP. CMV ili ndi zingapo: US6 imaletsa TAP kuchokera m'kati mwa ER, US3 imagwira class I kuti isatuluke, US2 ndi US11 zimakankhira tcheni chachikulu ku cytosol kuti proteasome ichigaye. HHV-8, imene imayambitsa Kaposi sarcoma yomwe timaiona kwambiri kuno, ili ndi K3 ndi K5 zimene zimamata ubiquitin pa class I ya pakhungu kuti selo liimezenso. HIV imagwiritsa ntchito Nef, imene imagwira mchira wa class I n'kuipatutsira ku lysosome.

Chowaletsa kuchotsa yonse ndi maselo a NK (natural killer). Amenewa ali ndi ma receptor, a KIR ndi NKG2A, amene akagwira class I amauza selo la NK kuti lisaphe. Class I ikasowa, choletsacho chimachoka. Ndiye vairasi ili pakati pa adani awiri, ndipo Nef imasankha: imachotsa HLA-A ndi HLA-B, zimene CD8 imadalira kwambiri, n'kusiya HLA-C ndi HLA-E zimene zimatontholetsa NK. Komanso Nef imatenga maola kuti igwire ntchito, pamene Gag, puloteni ya HIV imene yalowa ndi vairasi, imatha kuonetsedwa msanga selo litangogwidwa.

Apa ndi pamene mtundu wa HLA wa munthu umaonekera m'chipatala. Aliyense amatenga gulu limodzi la majini a HLA kwa mayi, lina kwa bambo, ndipo magulu onse awiri amagwira ntchito, choncho munthu amakhala ndi mitundu ya class I yosaposa 6. Koma pakati pa anthu mitundu ya HLA yodziwika yaposa 30,000, ndipo kusiyanako kwaunjikana m'ngalande. Anthu awiri ogwidwa ndi vairasi imodzi amaonetsa tizidutswa tosiyana. Kum'mwera kwa Africa, HLA-B*57:03, B*58:01 ndi B*81:01 zimayenderana ndi viral load yotsika, chifukwa zimaonetsa zigawo za Gag zimene vairasi singasinthe popanda kudzipweteka. Chitsanzo ndi kachidutswa ka TW10: vairasi imathawa posintha amino acid wa 242 wa Gag kuchoka pa threonine kupita pa asparagine, koma ikatero imachulukana mofooka. B*58:02 imasiyana ndi B*58:01 pa ma amino acid ochepa chabe, koma imayenderana ndi matenda othamanga. Zimenezi sizisintha chithandizo, aliyense wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV, koma zikusonyeza kufunika kwa timaenje tija.

Mankhwala nawonso amalowerera. Abacavir imakhala m'kaenje ka kumapeto ka HLA-B*57:01 n'kusintha maonekedwe ake, kotero ngalandeyo imayamba kunyamula tizidutswa ta thupi timene maselo a T sanationepo ku thymus. CD8 imatiyesa tachilendo. Wodwala amatentha thupi, amatuluka zidzolo, amasanza kapena kutsegula m'mimba, ena kubanika, kawirikawiri m'masabata 6 oyamba, ndipo zimakula mlingo uliwonse. Mukakayikira zimenezi siyitsani ndipo musadzamuyambitsenso, chifukwa kubwereza kumatha kugwetsa BP mpaka kupha. B*57:01 ndi yosowa kwambiri kuno poyerekeza ndi ku Ulaya, ndipo B*57:03 imene tili nayo siigwira abacavir motere. Kusowako kusatichititse kuiwala zizindikiro, popeza ana ambiri ali pa abacavir. Za nevirapine, kafukufuku wa kuno ku Malawi wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti HLA-C*04:01 imayenderana ndi Stevens-Johnson syndrome, kuyabuka kwa khungu ndi m'kamwa kuja. Allopurinol wa gout ali ndi vuto lofanana kwa anthu a B*58:01.

Malungo apeza pobisala pena. Selo lofiira lokhwima lilibe class I yokwanira kuti CD8 ione kanthu, ndiye falciparum ikalowa m'magazi, ntchito imatsalira ma antibody, CD4 ndi kapamba (spleen). Nthawi imene CD8 ingagwire kachilomboka ndi masiku oyamba aja kali m'chiwindi. Ku Gambia mu 1991 anapeza kuti ana a HLA-B*53 sadwala malungo aakulu kawirikawiri ngati anzawo.

Namwino_Zolozolo

Ndiwonjezereko za katemera, chifukwa ku sikelo ndi kumene class II imagwira ntchito tsiku lililonse.

MHC imanyamula tizidutswa ta puloteni. Chikuta cha pneumococcus, cha Hib ndi cha Salmonella Typhi n'cha shuga, polysaccharide, ndipo shuga wotere sakhala m'ngalande. Mukabaya mwana polysaccharide yokhayokha, selo la B limaigwira koma lilibe choonetsa kwa CD4. Popanda thandizo la CD4 pamatuluka IgM yambiri, IgG yochepa, kukumbukira kulibe, ndipo ana osakwana zaka 2 sayankha n'komwe bwino.

Anachita n'kumangirira shugayo ku puloteni. Mu PCV13, imene Malawi inayamba kupereka mu 2011, puloteniyo ndi CRM197, toxin ya diphtheria yosapweteka. Katemera wa typhoid wa conjugate amene analowa mu 2023 anapangidwa ndi nzeru yomweyo. Selo la B limagwira shuga ndi BCR yake, antibody ya pakhungu pake, limameza zonse pamodzi, limagaya puloteniyo n'kuonetsa tizidutswa take pa class II. Selo la CD4 lodziwa puloteniyo limabwera, CD40L n'kugwira CD40, ndipo selo la B limasintha kupita ku IgG n'kusiya maselo okumbukira. Onani kuti B ikuona shuga, T ikuona puloteni, zinthu ziwiri zosiyana, koma ziyenera kukhala zomangirirana kuti selo limodzi limeze zonse. Kungozisakaniza m'botolo limodzi sikuthandiza.

Katemera wa mRNA ndi wa adenovirus, monga ena a COVID-19, amapangitsa selo kupanga lokha puloteni, ndiye imadutsa mu proteasome n'kudzutsa CD8 mosavuta. Wa puloteni yokha amadalira kumezedwa, choncho amapereka CD4 ndi ma antibody makamaka. Amaikamo adjuvant monga aluminium kuti dendritic cell idzuke. Ameneyu ndi amene amawonongeka katemera akaundana mufiriji: aluminium imagwirana n'kukhala timibulu. N'chifukwa chake Penta ndi PCV zimasungidwa pa 2 mpaka 8°C, kutali ndi ma ice pack ouma gwa, ndipo mukakayikira botolo mumachita shake test musanabaye mwana.

Mphunzitsi_Katoto

Amayi a ku Zolozolo akhudza mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya. Achemwali, pa mayeso amakonda kufunsa chimene chimachitika chigawo chimodzi chikasowa, ndipo yankho limadutsa ku thymus.

TAP ikawonongeka, class I imasowa tizidutswa n'kutsalira mu ER. Pakhungu pamakhala yochepa kwambiri, ndipo popeza selo la T limasanduka CD8 pokhapokha likagwira class I ku thymus, ma CD8 amachepa. Mungayembekezere kuti anthuwa azivutika ndi mavairasi, koma chimene chimaoneka kwambiri ndi matenda a mabakiteriya a m'mphuno ndi m'mapapo obwerezabwereza, bronchiectasis, ndi zilonda za pakhungu za granuloma. CIITA ikawonongeka, kapena RFX5, RFXAP ndi RFXANK, majini a class II amakhalapo abwinobwino koma sayatsidwa. Ma CD4 amachepa, ma antibody amachepanso ngakhale maselo a B alipo, ndipo mwana amayamba kudwala m'chaka choyamba: kutsegula m'mimba kosatha, mauka a m'kamwa a Candida, chibayo cha Pneumocystis. Zimafanana ndi AIDS mwa mwana amene alibe HIV, ndipo chithandizo chenicheni ndi kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina.

Kuti TCR imaona kachidutswa ndi MHC pamodzi anazipeza ndi Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ku Canberra mu 1974. Maselo a T a mbewa yogwidwa ndi vairasi ya LCMV ankapha maselo ogwidwa ndi vairasiyo pokhapokha akakhala a MHC yofanana ndi yawo. Analandira Nobel mu 1996. Ngalande yeniyeniyo inaoneka mu 1987, pamene Pamela Bjorkman, Don Wiley ndi anzawo anaonetsa maonekedwe a HLA-A2 muli kanthu m'katimo.

Pali zopatuka ziwiri zimene zingatuluke. Superantigen, monga TSST-1 ya Staphylococcus aureus, siidulidwa ndipo siilowa m'ngalande. Imagwira class II chakunja n'kuimangirira ku gawo la Vβ la TCR, n'kudzutsa mpaka 20 mwa maselo a T 100 alionse, pamene antigen wamba amadzutsa limodzi mwa 100,000 kapena kuchepera apo. Ma cytokine amasefukira, BP n'kugwa. China ndi impso yoikidwa: HLA ya woperekayo pamodzi ndi tizidutswa take imaoneka kwa TCR zambiri ngati HLA ya mwini yonyamula kachilendo, kotero 1 mpaka 10 mwa 100 amayankha. Poyeza amayang'ana kwambiri HLA-A, HLA-B ndi HLA-DR, ndipo amayamba ndi abale a bere limodzi chifukwa mwayi woti awiri atenge magulu onse ofanana kwa makolo ndi 1 mwa 4.